Funsani Amalume: dzuwa lopanga anthu lija lidzatiyatsira malaiti mu Lusaka?

Mwezi uno mafunso angowunjikana pa nkhani imodzi. Pali kavidiyo kamene kakuyenda m'magulu a WhatsApp konena kuti ku America ndi ku China apanga dzuwa lawolawo m'makina, ati magetsi a fusion, ndiye posachedwapa dziko lonse magetsi akhala aulere. Ndatolapo makalata angapo, aatali ndawadulako pang'ono musakwiye.

FUNSO: Amalume, ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo kuno ku Kalingalinga, mageti, mawindo, mabedi, zonse. Malaiti akangopita ine ndaima basi, makasitomala kumangondiimbira foni ngati ndadya ndalama zawo. Kavidiyo kaja ndakaona. Kodi ndi zoona kapena ndi zija za pa Facebook? Ngati ndi zoona zifika liti kuno, ndileke kusungira ndalama ya jenereta?
Wowotcherera, Kalingalinga

YANKHO: Mphwanga, ndalama ya jenereta usaidye ayi, pitiriza kusunga. Nkhaniyo ndi yoona koma kavidiyoko kakuthamanga kuposa eni ake a ntchitoyo.

Chilichonse chimene ukuchiona, chitsulo chako chomwecho, madzi, mpweya, chinapangidwa ndi maatomu, ndipo pakati pa atomu iliyonse pali kanjere kake. Fusion ndi pamene tinjere tiwiri topepuka ta hydrogen tawombana mwamphamvu mpaka kumatana n'kusanduka kanjere ka helium, ndiye pomatanapo pamatuluka kutentha kosaneneka. Dzuwa limayaka choncho, ndipo mu 1920 Arthur Eddington wa ku England anali atanena kale kuti nyenyezi zimayaka motere. Vuto ndi loti tinjere timeneti sitifunana, timakankhana, kuti tigundane pamafunika kutentha ndi kupanikiza koopsa. Pakati pa dzuwa ndi madigiri 15 miliyoni koma kumeneko kulemera kwa dzuwa lenilenilo kumathandiza kupanikiza, ife pansi pano tilibe chopanikizira chotero ndiye timalipira ndi kutentha, pamafunika madigiri oposa 100 miliyoni. Iwe ukudziwa kuti chitsulo chimasungunuka chisanafike ndi pa 2,000 pomwe, nanga 100 miliyoni uisunga mu chiyani?

Njira zazikulu zilipo ziwiri. Ina ndi chipinda chachitsulo chozungulira, chobowoka pakati, chotchedwa tokamak, anayamba nacho asayansi a ku Soviet Union, Andrei Sakharov ndi Igor Tamm, m'ma 1950. Mmenemo mpweya wotenthawo, umene ukafika pamenepo amautcha plasma, umagwiridwa m'malere ndi maginito amphamvu kuti usakhudze khoma. Njira ina ndi kuwombera kambulu ka mafutawo, hydrogen uja, ndi malaser, nyali za kuwala kwamphamvu koopsa, mbali zonse nthawi imodzi kuti kafinyike.

Zimene ukuona mu kavidiyoko za ku America ndi njira yachiwiriyi. Pa 5 Disembala 2022 ku Lawrence Livermore ku California analozetsa malaser 192 pa kachitini kokhala ndi kambulu ka mamilimita awiri mkati mwake, mphamvu imene malaserwo anaponya inali ma megajoule 2.05, imene inatuluka inali 3.15. Kanali koyamba kuti chotuluka chipose cholowa, n'chifukwa chake anachita kuitanitsa atolankhani. Koma tamvera izi, yuniti imodzi ya magetsi, yomweyi timagula pa foni, ndi ma megajoule 3.6. Ndiye kuti zonse zija zinatulutsa mphamvu yosakwana yuniti imodzi, pomwe malaserwo kuti awombere anakoka kukhoma ma megajoule pafupifupi 300, mayuniti oposa 80. Ukagula mayuniti 80 kuti upeze imodzi yosakwana, akazi ako akuti chiyani?

Sindikunyoza ayi, chinachitikacho n'chachikulu. Kwa zaka 70 anthuwa akhala akukupiza mbaula, moto kungoti ng'ani n'kuzima, thukuta lokupizira kuposa moto wake, ndiye tsiku limenelo malasha anagwira okha kakanthawi. Poto wake ndiye sanaikepo.

Za ku China ndi tokamak yotchedwa EAST ya ku Hefei, mu Januwale 2025 inasunga plasma kwa masekondi 1,066, mwezi wotsatira ina ya ku France yotchedwa WEST inafika 1,337, mphindi 22 zimenezo. Onsewa ndi makina ophunzirira, palibe waya wotuluka mmenemo kupita kunyumba ya munthu, ndipo lero lino pa dziko lonse palibe babu ngakhale limodzi loyaka ndi fusion. Makampani akulonjeza zambiri, Helion inasainirana ndi Microsoft mu 2023 kuti idzayamba kuipatsa magetsi mu 2028, Commonwealth Fusion Systems ikuti idzamanga siteshoni ku Virginia kumayambiriro a m'ma 2030, a ku Britain akuti yawo ya ku West Burton ndi cha mu 2040. Kulonjeza n'kosavuta makamaka ukamafuna ndalama za anthu a bizinesi. Ine kuona kwanga, ngakhale m'modzi wa iwowa atapambana pa nthawi yake, kuti zifike ku Kalingalinga iwe udzakhala utasiyira adzukulu ako makina owotchererawo.

FUNSO: Akuti mafuta ake ndi madzi. Madzi omwewa akutisowa ku Kariba mpaka malaiti kuthima, nanga akayamba kuwawotchanso sitifa ndi ludzu amalume?
Wogulitsa tomato, Soweto Market

YANKHO: Ayi amayi, pamenepo gonani tulo. Sawotcha madzi, amangotapamo kamtundu kena ka hydrogen kolemererapo kotchedwa deuterium, kamene kalimo m'madzi alionse, a m'nyanja, a mu Kafue, a pampopi wa pa msika wanu. Mu malita 1,000 mumatuluka magalamu 33 chabe, madzi otsalawo ndi madzi ndithu mutha kutsukira tomato. Ndipo pamafunika pang'ono zedi, siteshoni ya mamegawati 1,000, yofanana mphamvu ndi ya Kariba ya mbali yathu ino, ingafune makilogalamu 250 a mafuta chaka chonse, theka deuterium theka tritium, mtundu winanso wa hydrogen, pomwe ya malasha a pansi ya kukula komweko imadya matani 2.7 miliyoni pachaka. Kariba sangadziwe n'komwe kuti wina watapamo.

Chimene chimasowa ndi mnzake uja tritium. Ameneyu sakumbidwa, sakhalitsa, zaka 12 zilizonse theka lake limakhala latha lokha, ndipo wochepa amene alipo amachokera makamaka m'masiteshoni a nyukiliya a mtundu wa CANDU a ku Canada, dziko lonse ali ndi makilogalamu 20 kapena 30 basi. Nzeru imene alinayo ndi yoti makinawo azidzipangira okha tritium kuchokera ku lithium, chitsulo chija cha m'mabatire a foni, woyalidwa m'makoma mwake, koma palibe amene wasonyezapo kuti zimenezi zikutheka pa siteshoni yaikulu. Ameneyu ndiye mutu wowawa, osati madzi.

FUNSO: Amalume ine ndikangomva mawu oti nyukiliya mtima umagunda. Si bomba limeneli? Mwamuna wanga amakamba za Chernobyl kuti anthu anathawa mzinda wonse. Ndipo paja tinamva kuti ku Chongwe akufuna kumanga zoterezi, pafupi pomwepa, ana athu atani?
Mayi wa saluni, Matero

YANKHO: Amayi, mantha anu si opusa, koma pano tikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Nyukiliya imene ilipo panopa m'maiko, ya Chernobyl ya mu 1986, ya Fukushima ya mu 2011, ya Koeberg pafupi ndi Cape Town imene yakhala ikuyenda kuyambira 1984, ya El Dabaa imene akumanga ku Egypt, yonseyo ndi yophwanya maatomu olemera a uranium. Atomu imodzi ikasweka imaswa anzake, anzakewo n'kuswanso ena, ndiye ntchito ya mainjiniya ndi kuugwira motowo kuti usathawe, komanso kuuziziritsa ngakhale atauzimitsa chifukwa umapitiriza kutentha. Ku Fukushima madzi a m'nyanja anamiza majenereta oziziritsira, n'zimene zinawononga.

Fusion ndi yosiyana kwenikweni, vuto lake ndi kuuyatsa motowo ndi kuusunga, chilichonse chikangolakwika, maginito kufooka kapena plasma kukhudza khoma, imazirala n'kuzima pa kanthawi kochepa. Ndipo m'chipindamo mumakhala magalamu ochepa chabe a mafuta nthawi imodzi, mulibe choti chiphulitse mzinda. Bomba la hydrogen lilipodi, a America analiyesa mu 1952, ndipo limagwiritsa ntchito fusion, koma kuti liyake amayamba aphulitsa bomba la uranium kapena plutonium mkati mwake, siteshoni ya magetsi ilibe zimenezo. Paja uranium wambiri wa bomba la ku Hiroshima anachokera kuseri kwa malire athu omwewa, mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, ndiye nkhani ya nyukiliya si yachilendo kwenikweni m'dera lathu lino, kungoti sanatifunse.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi yoyera ngati madzi akumwa, ogulitsa ndi amene amakamba choncho. Tritium ndi wa radiation, cheza chosaoneka chovulaza thupi, ndipo ndi wovuta kumutsekera, amalowerera ngakhale m'zitsulo. Komanso pomatana paja pamathawa tinthu totchedwa ma neutron tothamanga koopsa, timamenya makoma a makinawo mpaka chitsulo kufooka n'kukhalanso cha radiation, ndiye zitsulo zimenezo zikachotsedwa ziyenera kusungidwa bwino kwa zaka ngati 100. Kusiyana kwake n'koti zinyalala za uranium zina zimafuna zaka masauzande.

Za ku Chongwe, mu 2018 boma linasainirana ndi Rosatom, kampani ya nyukiliya ya boma la Russia, zomanga malo ophunzirira sayansi ya nyukiliya okhala ndi kamakina kakang'ono ka uranium, kophunzitsira anthu ndi kupangira mankhwala a m'zipatala monga a khansa. Si siteshoni ya magetsi ndipo si fusion.

FUNSO: Dzuwa analenga Mulungu tsiku lachinayi. Munthu kupanga lake si nsanja ya Babele imeneyi?
Mkulu wa mpingo, Mtendere

YANKHO: Abambo, ine si m'busa ndiye ndiyankha pang'ono. Mawu oti dzuwa lopanga ndi a atolankhani, chimene chilipo ndi magalamu ochepa a mpweya wotentha m'chipinda chachitsulo kwa mphindi zingapo, pomwe dzuwa lenileni limadya matani 600 miliyoni a hydrogen pa sekondi iliyonse. Mpikisano palibepo. Amene anamanga damu pa Zambezi sanalenge mtsinje, anangoona mmene madzi amagwera n'kuikapo makina. Kudzikuza kwa Babele ine ndimakuona kwambiri pa amene amalonjeza kuti makina amodzi adzathetsa mavuto onse a anthu, pamenepo ndiye mutha kulalikira ndithu ndidzabwera kudzamvera.

FUNSO: Amalume ndili giredi 12, physics ndi masamu ndimakhoza. Aphunzitsi athu anatiuza nthabwala yoti fusion nthawi zonse imakhala yatsala zaka 30. Chikuchedwetsa n'chiyani? Ndipo mtsikana wa ku Zambia ngati ine angalowemo bwanji, kapena ndikungolota?
Mwana wasukulu, Chilenje

YANKHO: Mwanawe, nthabwala ya aphunzitsi akoyo ndi yakale kuposa iwo eni, ndipo ili ndi pogwira. Taona nkhani ya ITER, tokamak yaikulu kuposa zonse imene akumanga ku Cadarache kumwera kwa France. Maganizo ake anayamba mu 1985 pamene Reagan ndi Gorbachev anakumana ku Geneva, pangano lomanga linasainidwa mu 2006, kumanga kunayamba mu 2010, anati idzayatsidwa koyamba mu 2025, kenaka mu Julayi 2024 analengeza kuti kafukufuku adzayamba mu 2034 ndipo mafuta enieni a deuterium ndi tritium adzalowamo mu 2039. Ndalama zapitirira ma euro 20 biliyoni. Ndipo ikadzatha sidzagulitsa magetsi ayi, cholinga chake n'kungosonyeza kuti ungalowetse mamegawati 50 otenthetsera n'kutulutsa 500 a kutentha. Siteshoni yeniyeni ndi ya pambuyo pake.

Chochedwetsa china ndi ndale, eni ake ndi European Union, China, India, Japan, South Korea, Russia ndi America, aliyense amapanga zigawo kwawo n'kutumiza pa sitima, ndiye zigawo za makina olemera matani 23,000 zopangidwa m'maiko osiyanasiyana ziyenera kulumikizana ndendende mpaka pa milimita. Mu 2022 anapeza kuti m'mbali mwa zigawo zina za chipindacho, mofunika kuwotcherera, miyeso sinagwirizane, ndipo timapaipi tina toziziritsira tinali titang'aluka, anachita kutulutsa chigawo chimene anali atachiika kale. Mphwanga wa ku Kalingalinga uja amve, ngakhale ku France geti limakana kulowa pa felemu. Koma chochedwetsa chachikulu ndi chinthucho, m'makina amodzi omwewo pakati pali madigiri 150 miliyoni, mamita ochepa kuchoka pamenepo pali maginito ofunika kuzizira mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo khoma lapakati liyenera kupirira kumenyedwa ndi ma neutron zaka ndi zaka. Chitsulo chopirira bwino zimenezo akuchifunafunabe.

Zikuyenda koma. Makina a JET a ku Culham ku England asanatsekedwe kumapeto a 2023 anatulutsa ma megajoule 69 pa masekondi asanu ndi mafuta osakwana ndi miligalamu imodzi yomwe. Ndipo maginito atsopano amphamvu kwambiri akuchititsa kuti makina azichepa msinkhu, n'chifukwa chake makampani alowamo.

Za iwe tsono. Sukulota ayi koma usadzitsekere pa fusion yokha. Pa mndandanda wa ITER uja palibe dziko la mu Africa, ndiye khomo lake ndi maphunziro. Khoza bwino, lowa physics kapena engineering pa UNZA kapena pa CBU ku Kitwe, za plasma zenizeni udzazipeza pa masters kunja. Bungwe la maiko loona za nyukiliya la IAEA la ku Vienna, limene Zambia ndi membala wake, linayambitsa mu 2020 thandizo la atsikana ochita masters pa za nyukiliya lotchedwa dzina la Marie Sklodowska-Curie, ndipo ku Trieste ku Italy kuli sukulu ya kafukufuku wa physics ya ICTP imene inakhazikitsidwira makamaka asayansi a m'maiko osauka. Anthu ambiri ogwira ntchito pa makina amenewa si a physics n'komwe, ndi mainjiniya a magetsi, a zitsulo, a makompyuta, akatswiri oziziritsa. Maphunziro omwewo fusion ikachedwa udzadyera pa sola, pa migodi, pa makina a khansa ku chipatala, sudzakhala ndi pepala lopanda ntchito.

FUNSO: Amalume, ndikufuna kupatsa ana a m'kalasi mwanga chimangirizo cha mutu woti Lusaka mu 2080. Tiyerekeze kuti fusion yatheka ndithu, yafika. Mzinda wathu ungadzaoneke bwanji? Tandijambulirani chithunzi ndipeze poyambira.
Mphunzitsi, Chawama

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndi limene landikoma kwambiri, ndiye mundilole nditambasule miyendo.

Choyamba chimene chingasinthe n'choti malaiti athu angaleke kuyang'ana kumwamba. Panopa magetsi oposa 80 pa 100 alionse a dziko lino amachokera ku madzi, Kariba North Bank mamegawati 1,080, Kafue Gorge yakumtunda 990, yakumunsi 750, Itezhi-Tezhi 120, ndiye mvula ikakana zonse zimagwa pamodzi. Tinaziona mu 2024, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale, ndipo pofika nthawi yotentha malo ena amakhala maola 21 patsiku mumdima. Mwana wa mu 2080 wa m'chithunzi chathu mawu oti lodishedingi adzawamva kwa agogo ake, mmene ife timamvera za mizere ya unga ya makuponi.

Magetsi akachuluka chimene chimatsatira si mababu okha. Madzi ena a mu Lusaka amachita kupopedwa kuchokera ku Kafue mtunda wonse uja, ndi magetsi osaduka mipopi ya ku Chawama ndi ku Kanyama ingaleke kutulutsa mphepo, ndipo madzi oipa angayeretsedwe n'kubwereranso, kolera wa nthawi ya mvula n'kukhala mbiri. Alimi a ku Chongwe, Mumbwa mpaka kwathu kum'mawa angathirire chaka chonse. Fetereza ndi magetsi obisala, ukakhala ndi mphamvu yotchipa umatapa hydrogen m'madzi ndi nitrogen mumpweya n'kupanga wekha, fakitale ya ku Kafue ija ingadzuke n'kumadyetsa dera lonse. Sitima ya magetsi kuchoka Livingstone kudutsa Lusaka mpaka Kapiri Mposhi n'kulumikiza TAZARA, maminibasi a batire osafuka utsi pa Lumumba Road. Ndipo chimene ine ndimachilakalaka kwambiri, matumba a malasha aja amalowa mu mzinda usiku ndi usana pa malole ndi pa njinga angathe, mitengo ya m'mbali mwa Great East Road n'kuphukanso, amayi kuphika nyemba pa chitofu osawerenga mayuniti.

Ana anu alembenso za kopa. Makina a fusion, mawaya ake, mathiransifoma, magalimoto a batire, zonsezo n'zanjala ya kopa, ndipo kopa ali kwathu, Kansanshi, Lumwana, Mopani, Konkola. Lithium wopangira tritium uja ali kwa aneba, ku Bikita ku Zimbabwe, ndipo a Zimbabwe analetsa kale mu Disembala 2022 kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza. Migodi panopa imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino. Ndi mphamvu yokwanira bwenzi tikugulitsa mawaya, mamota ndi mabatire, osati zigumugumu za kopa zokwera malole kupita ku Dar es Salaam.

Koma musawalole anawo kulemba za paradaiso zokhazokha, apatseni mbali inayo, ndipo ine ndikadakhala wochonga ndikadapereka mamalikisi ambiri pamenepa. Mu 1954 mkulu wa bungwe la nyukiliya la ku America, Lewis Strauss, ananena kuti ana a m'tsogolo adzakhala ndi magetsi otchipa moti sipadzafunikanso mita. Zaka 70 zapita mita ilipobe ku America komweko. Chifukwa chake n'chosavuta, mtengo wa magetsi suli pa mafuta pokha. Madzi a Zambezi ndi aulere, dzuwa ndi laulere, koma mayuniti timagula, tikulipira damu, makina, mawaya, antchito ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Kafue Gorge yakumunsi yokha inadya madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo ndife dziko limene linalephera kulipira ngongole mu Novembala 2020. Siteshoni ya fusion idzakhala makina ovuta kuposa ena alionse amene tinagulapo, adzatikongoza ndani, pa mtengo wanji, ndipo chigawo chikawonongeka injiniya adzachokera ku Chilenje kapena tidzadikira wa pa ndege? N'kutheka ndithu kuti mu 2080 siteshoniyo idzakhala kwina, South Africa kapena kwina kulikonse, ife n'kumangogula kudzera pa mawaya a Southern African Power Pool, msika wa magetsi wa maiko a kumwera kwa Africa, m'madola. Ikadzamangidwa kuno idzafunabe madzi, chifukwa kumapeto kwake fusion imangowiritsa madzi kuti nthunzi izungulitse makina, ndipo nthunziyo imafuna kuziziritsidwa, ndiye malo ake adzakhala m'mbali mwa Kafue kapena Kariba, chilala chisanatisiyiretu.

Ndiyeno funso lakuti afikira ndani. Lero pafupifupi theka la anthu a mu Zambia alibe waya wofika panyumba, kumudzi ndiye kosakamba. Damu la Kariba litatha mu 1959 anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 anali atasamutsidwa m'chigwa chawo mbali zonse ziwiri za mtsinje, mawaya akuluakulu anadutsa pamwamba pa midzi yawo kupita ku migodi ndi m'matauni, iwo n'kukhala zaka makumi akuunikira nyali ya palafini. Makina atsopano sasintha khalidwe limenelo paokha. Mutha kukhala ndi Lusaka wa mu 2080 woti Kabulonga akuwala usiku ngati masana, fakitale za makompyuta za alendo zikudya mamegawati mazanamazana, koma mayi wa ku Misisi akukupizabe mbaula chifukwa ndalama yolumikizira alibe. Ndipo walira mvula walira matope, malasha akadzatha owotcha a kumudzi, a njinga ndi amayi ogulitsa m'timapulasitiki pa kona adzadya chiyani? Mwana amene adzaganizire amenewo mu chimangirizo chake ndiye wamva phunziro.

Muwauzenso kuti zambiri za m'chithunzi chabwinocho sizikudikira fusion. Sola ya ku Chisamba ya mamegawati 100 inatsegulidwa mu 2025, inamangidwa nthawi yochepa poyerekeza ndi zaka zimene ITER yadya, ndipo mitengo ya mapanelo ndi mabatire yakhala ikutsika. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. N'kutheka kuti fusion ikadzafika idzapeza sola, mphepo, madamu ndi mabatire zitatenga kale malo ambiri, iyo n'kungotsala ya usiku, ya migodi ndi ng'anjo zosungunulira kopa zimene sizifuna kuzima ngakhale mphindi imodzi.

FUNSO: Pali munthu pa WhatsApp akuti akugulitsa masheya a kampani yopanga timajenereta ta fusion ta m'nyumba, ungothira madzi basi. Akuti tikaika K500 miyezi itatu ikhala K5,000. Ife a m'gulu la chilimba tikuganiza zoikamo ya mwezi uno. Mukuti bwanji amalume?
Mlembi wa chilimba, Kanyama

YANKHO: Musayerekeze amayi, ngakhale ngwee imodzi. Mwawerenga pamwambapa, maiko olemera onse pamodzi ndi mabiliyoni awo sanayatse babu, ndiye munthu wa pa WhatsApp ali ndi kajenereta kokwana pansi pa bedi? Nkhani ya fusion ya m'botolo inamvekapo kale mu 1989, asayansi awiri ku Utah, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons, analengeza kuti aitulutsa popanda kutentha kuja, anzawo m'maiko ambiri atayesa kubwereza zinakanika, koma akathyali akhala akuidyerabe mpaka lero, akungosintha dzina ndi chithunzi. Kampani yogulitsa masheya mwalamulo mu Zambia imayenera kudziwika ku Securities and Exchange Commission, bungwe la boma loyang'anira za masheya, mufunseni munthuyo pepala lake muone mmene asowere. Ndalama ya mwezi uno ngati mukufuna za magetsi gulirani amene ili nthawi yake kapanelo ka sola ndi batire, nambalayo muibuloke ndipo muchenjeze magulu ena a chilimba a kwanuko chifukwa akachoka kwa inu akulowera komweko.